Mkazi Wachiwiri wa a Gerevazio

Ku Lobi, munthu akakangana ndi mkazi wake, kapena mbuzi zake zikadya nyemba za mnzake, mawu otsiriza ankakhala akuti tiyeni kwa a Gerevazio. A Gerevazio Dziwani anali mlimi wa kachewere ndi nyemba, mkulu wa mpingo, ndipo lilime lawo silinkadziwa kutopa. Ankalangiza akwati, ankalangiza ofedwa, ankalangiza ngakhale mlendo amene wangowafunsa njira. Munthu mmodzi yekha ndiye sankawamvera, mkulu wawo a Ezara. A Gerevazio akati lero kugwa mvula, a Ezara ankauza akazi awo kuti ayanike mphale. A Gerevazio akagula khasu latsopano, a Ezara ankalitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti wolisula anali ataledzera. Anakangana choncho kuyambira ali ana mpaka onse awiri anamera imvi.

A Ezara anamwalira nthawi yokolola, atangodwala pang'ono. Mwambo wonse wa maliro anauyendetsa a Gerevazio. Ndiwo anakonza za bokosi, ndiwo analandira alendo, ndiwo analankhula m'malo mwa banja, ndipo anthu anabalalika akunena kuti bambo ameneyu ndi thanthwe.

Chisanu cha mu Juni chitafika, thanthwelo linayamba kuonda. Chakudya ankangochinyita, tulo tinkawathawa, ndipo pachifuwa pankawathina ngati wina wawamanga ndi luzi. Akazi awo, Nangozo, anawakakamiza kupita kuchipatala cha pa boma. Kumeneko anawapima magazi, shuga, mtima, anawajambula pachifuwa, koma sanapeze kanthu. Dokotala anawauza kuti thupi lawo lili bwino, ndipo kuti Lachiwiri abwerenso adzaonane ndi aphungu.

A Gerevazio sanadabwe. Anaona kuti n'zoyenera ndithu kuti munthu wa msinkhu wawo akadwala, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo adziwe. Lachiwiri m'mawa anavala jekete ndi tayi, anakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pamsewu wa tala, kenako minibasi, ndipo njira yonse ankasanja m'mutu nkhani ya mlatho wa kwawo umene unakokoloka, ndi ya feteleza.

Anawalozera kachipinda ka kuseri kwa chipatala. Munali mipando iwiri, katebulo, ndi botolo la maluwa pawindo. Mayi wina wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo wachisamba, anaimirira n'kuwapatsa moni mwaulemu, nati dzina lake ndi Sungeni Chikumbutso. A Gerevazio anakhala pansi, anakonza tayi, n'kufunsa kuti olemekezeka afika nthawi yanji.

Zinatenga kanthawi kuti amvane. Sungeni anafotokoza kuti phungu wake ndi iyeyo, koma osati wa milatho. Iye anaphunzira ntchito yothandiza anthu amene china chake chawalemera mumtima kapena m'maganizo.

"Ndiye kuti adokotala aja akuti ndapenga?" anafunsa a Gerevazio.

"Ayi bambo. Pampando mwakhalapo pamakhala alimi, aphunzitsi, apolisi, amayi a pamsika. Nthawi zina mtima ukasenza katundu, thupi ndi limene limadandaula."

Anafunsa za jakisoni, Sungeni anati alibe. Anafunsa za mapiritsi, iye anati amenewo ndi a dokotala, ngati atafunika. Ndiye awachiritsa ndi chiyani? Sungeni anati azikumana Lachiwiri lililonse kwa ola limodzi, iwo azilankhula, iye azimvetsera ndi kufunsa mafunso. Sadzawaweruza, sadzawasankhira chochita, ndipo tsiku limene adzaone kuti sakufunanso kubwera, ali ndi ufulu kunena. Anawonjezera kuti zonse zolankhulidwa m'chipindamo zimathera momwemo, pokhapokha ngati moyo wawo kapena wa munthu wina uli pangozi.

Zoti ntchito yake ndi kulankhula zinawasangalatsa a Gerevazio, pakuti umenewo unali munda wawo. Anayamba pomwepo. Anamufunsa Sungeni ngati ali pabanja, kwawo ndi kuti, amapemphera mpingo wanji. Iye anamwetulira nati za iye zikhale pambali, chifukwa nthawiyo ndi yawo. Iwo anangoti chabwino, n'kumulangizabe za kasankhidwe ka mwamuna, za ulemu kwa apongozi, ndi za kuipa kwa mabanja a patelefoni. Anamufotokozera maukwati amene anawapulumutsa ku Lobi ndi ku Kabwazi komwe. Ola litatha, Sungeni anawathokoza, nati wamva za anthu ambiri, koma za a Gerevazio eni ake sanamvepo kanthu, mwina sabata yamawa.

M'minibasi pobwerera, chimene chinawavuta ndi nkhani ya chinsinsi ija. Iwo anakulira ku Dedza, ndipo ankadziwa kuti kumeneko nkhani imafika kumudzi mwini wake akadali pa siteji. Mwana wa dzulodzulo angasunge chinsinsi cha mkulu wa mpingo? Anaganiza zomuyesa kaye, monga mayi amayesera mtsuko watsopano ndi madzi asanathiremo thobwa.

Lachiwiri lotsatira anakhala pansi, anayang'ana kukhomo, anatsitsa mawu, n'kumuuza Sungeni kuti ali ndi mkazi wina tsidya la malire, ku Angonia m'dziko la Mozambiki, dzina lake Felisimina, wogulitsa nsomba zouma. Dzinalo anali atalisankha mosamala, pakuti ankafuna loti likatuluka alizindikire msanga.

Anadikira kuti mtsikanayo agwire pakamwa, kapena awakumbutse za udindo wawo mumpingo, ndipo mayankho ake anali atakonza kale. Koma Sungeni anangogwedeza mutu n'kufunsa kuti akakhala ndi mayi Felisimina amamva bwanji. Limeneli sanalikonzekere. Anakanda m'mutu, n'kunena chimene chinawabwerera msanga, kuti mayiyo ndi wamakani zedi, amatsutsa chilichonse. Sungeni anafunsa kuti amatsutsa zinthu ngati ziti. A Gerevazio anati amanena kuti mizere yawo ya m'munda ndi yokhotakhota ngati njira ya chidakwa. Atanena zimenezi anapezeka akuseka, kuseka kwenikweni, kumene anali asanasekepo chikololere.

Sabata imeneyo anaithera pa tawuni ya Lobi, kudikira kuti mtsuko udonthe. Ankakhala pakhonde la a Timoteyo, telala amene ankasoka mayunifomu a sukulu ndipo ankamva nkhani iliyonse isanafike kwa eni ake. Anakhala tsiku loyamba, palibe. Lotsatira, palibenso. Mtima unayamba kuwawawa pang'ono kuti nkhani yaikulu chotere, ya munthu wodziwika chotere, palibe amene akuikamba. Pomaliza anafunsa a Timoteyo ngati pali chimene anthu akunena za iwo. A Timoteyo anati anthu akungoti aonda.

"Za ku Mozambiki simunamvepo?"

A Timoteyo anachotsa phazi pamakina. "Ku Mozambiki kwatani?"

"Ayi, ngati simunamve dzina loti Felisimina, basi zisiyeni."

Kuti atsimikize bwino, anafunsanso mwini chigayo, ndi mnzawo wina wogulitsa mbewu. Onse anati sanamve. A Gerevazio anabwerera kwawo ali okhutira kuti mwina mtsikana uja ndi wosunga pakamwa.

Vuto linali loti Felisimina tsopano anali atakhazikika m'kachipinda kaja, ndipo Lachiwiri lililonse Sungeni ankamufunsa. A Gerevazio, posafuna kugwidwa, ankamuwonjezera mnofu. Felisimina ankasewera bawo, ndipo ankaba njombwa mnzake akayang'ana kumbali. Felisimina ankafwenkha fodya wamphuno n'kuyetsemula ngati ng'ombe. Bondo lake lamanzere linkalosera mvula kuposa wailesi. Pena a Gerevazio ankafuna kuti Sungeni aweruze kuti wolakwa ndani pakati pa iwo ndi Felisimina pa mkangano wina wa malire a dimba, koma iye ankangobweza funso kuti iwo akuona bwanji. Zimenezi zinkawanyansa. Anamuuza kuti kwawo munthu akabwera ndi mlandu amachoka ndi chigamulo, osati ndi funso lake lomwe atalikulunga m'pepala lina. Sungeni anavomera kuti n'zokwiyitsadi, nawathokoza ponena mosabisa, koma chigamulocho sanapereke.

Tsiku lina, kunja kuli chifunga choti phiri la Dedza silinkaoneka, a Gerevazio anatenthedwa ndi nkhani. Anafotokoza mmene Felisimina anawakankhira mumtsinje akuweta mbuzi, n'kukanena kunyumba kuti aterereka okha. Anafotokozanso kuti akawagonjetsa pa bawo amawasisita pamutu n'kunena kuti pita ukakule, mphwanga.

"Mayi a ku Angonia amakutchulani kuti mphwanga?" anafunsa Sungeni, mofatsa.

A Gerevazio anakonza tayi. Anayang'ana botolo la maluwa. Anayang'ana nsapato zawo. Ankadikira kuti Sungeni alankhule kuti awapulumutse, pakuti iwo chibadwire sanasiyepo bata likhale pakati pa anthu awiri, koma Sungeni anangokhala, manja ali pamiyendo, osawathamangitsa. Anakhala choncho mpaka nthawi inatha. Potsanzikana anawauza kuti asadabwe akamva kulemedwa kwambiri masiku akubwerawa, chifukwa chilonda chikamatsukidwa chimayamba chawawa.

Analemedwadi, koma chimene anachipeza kunyumba chinali china. Nangozo ankasankha nyemba pa lichero pakhonde, ndipo osadzutsa mutu anawafunsa kuti mapasa aja ali bwanji. A Gerevazio anafunsa kuti mapasa ake ati. Nangozo anati a ku Angonia, a mayi wa golosale uja, amene anthu onse a kuchigayo akuwadziwa kupatula iye.

A Gerevazio anapsa mtima moti anaiwala kudziteteza. Anayendayenda pabwalo akunena kuti ankadziwa, mtsuko uja ndi wobooka, ana a masiku ano sukulu yawapatsa mapepala koma osati pakamwa. Nangozo anawayang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti Lachiwiri apitira limodzi.

Anafika m'kachipinda muja a Gerevazio ali patsogolo ngati tambala, Nangozo ali pambuyo ndi chikwama chake cha kutchalitchi. Nangozo sanachedwe. Anamuuza Sungeni kuti wabwera kudzamva zimene bambo akunyumba akhala akunena muno. Sungeni anamulandira mwaulemu, nati pepani mayi, zimenezo sangaulule kwa wina aliyense, ngakhale kwa mkazi wa munthu, pokhapokha mwini wake atalola. Anamupempha kuti adikire kaye pabenchi panja. Nangozo anatuluka akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthuyu mtsikanayu asanabadwe.

Chitseko chitatsekedwa, a Gerevazio anakhuthula zonse. Sungeni anawamvetsera mpaka anamaliza, osawadula. Kenako ananena kuti iye sanauze munthu, ndipo anafunsa ngati iwo anamuuzapo za mapasa kapena za golosale. A Gerevazio anati ayi, zimenezo n'zowonjezera za anthu. Anafunsanso ngati pali wina amene anamutchulira dzina la Felisimina. Iwo anati palibe, sanauze aliyense, anangofunsa chabe anthu atatu ngati amvapo. Atamva mawu awo omwe akutuluka pakamwa, anazindikira kuti tchire analiyatsa okha, n'kumathamanga kufunafuna mwini machesi.

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati Felisimina kulibe, sanakhaleko, ku Angonia iwo sanapondeko phazi, ankangofuna kuona ngati mtsuko ukudontha. Anadikira kukalipiridwa, ndipo ulendo uno ankaona kuti akuyenera. Sungeni anati n'zomveka kuti munthu ayese kaye malo asanatulepo katundu wake, ndipo si iwo oyamba. Anati ankakayikadi za mayi wa nsomba zouma wofwenkha fodya ndi kuweta mbuzi ku Lobi, koma munthu amene ankamufotokozayo ankamveka weniweni, ndiponso wokondedwa. Kenako anafunsa ngati angalole kuti mayi alowe.

Nangozo atakhala pansi, a Gerevazio anamufotokozera okha, mozungulira, ngati munthu wodutsa pa dambo. Nangozo anati za mkazi wachiwirizo iye sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Munthu woti akakwera minibasi amafika pa boma ali wotuwa ngati phulusa, malire angawoloke bwanji? Chimene chinamupweteka ndi amayi a kutchalitchi, amene anayamba kumugwira dzanja nthawi yaitali pomupatsa moni, ena mpaka kumubweretsera mavesi. Ndiye anatembenukira kwa Sungeni.

"Mwanangu, matenda a bambowa ndi alamu anga a Ezara. Pamaliro paja anthu tonse tinalira, iwowa anali kalikiliki kuwerenga mipando. Mpaka lero dzina la achimwene awo salitchula. Popita kudimba amazungulira kutali kuti asadutse pakhomo paja."

A Gerevazio anadzutsa chala kuti atsutse. Anati si zoona, njira yozungulirayo ndi yabwino chifukwa ilibe matope. Anati munthu wamkulu salira pagulu, ndipo wina ankayenera kuyendetsa mwambo. Anati achimwene akanakhalapo akanati bokosi lija linali lopapatiza, ndi nyimbo zija anaziyamba mokweza kwambiri, akanatsutsa maliro awo omwe. Pamenepo anatsitsa chala chija. Anati tsopano aliyense amangovomera, akanena chinthu anthu amangoti zoona a Dziwani, zoona a Dziwani, palibe woti awauze kuti akunama. Kenako analira, kulira kwa munthu amene sanazolowere, kokhala ngati chifuwa. Sungeni anawasendezera timapepala topukutira misozi, koma iwo anali atagwira kale tayi, ndipo Nangozo, amene ankachapa tayiyo, anangoyang'ana kudenga.

Sanachire tsiku limenelo. Lachiwiri lotsatira anabwera ali okwiya, akunena kuti kulira kuja kwawawonjezera mutu. Lina anabwera ali bwino, lina anajomba dala, n'kubwera linalo ndi chifukwa chabodza chimene Sungeni sanachitsutse koma anafunsa kuti kubwera kunawavuta pati. Pang'onopang'ono m'kachipindamo munayamba kumveka dzina la a Ezara. Sungeni anawaphunzitsa kapumidwe koti pachifuwa pakathina azikokera mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mosathamanga. Iwo anati zimenezo n'zachibwana, munthu saphunzitsidwa kupuma atakalamba, koma Nangozo ankawaona ataima kuseri kwa khola la nkhumba, maso ali otseka, mapewa akukwera ndi kutsika. Anagwirizananso kuti madzulo aliwonse azimuuza Nangozo kanthu kamodzi ka achimwene awo. Nangozo ankawakonza akalakwitsa chaka kapena dzina la mbuzi, ndipo zimenezo zinkawathandiza kudya.

Akulu a mpingo nawo anawaitana kuti amve za ku Angonia. A Gerevazio anafotokoza zoona zokhazokha, kuti mkaziyo anamupeka okha poyesa phungu wa kuchipatala. Akuluwo anayang'anana. Mmodzi anati pa milandu yonse ya mitala imene anaimvapo, kudzikanira kotere n'koyamba. Anawamasula pokhapokha Nangozo ataimirira n'kuwachitira umboni, ngakhale umboni wakewo unali woti amuna ake sangakwanitse.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, a Gerevazio anali atabwerera m'thupi, jekete ikuwakwananso. Sungeni anawakumbutsa mmene analili pobwera, nawafunsa zimene aona kuti zasintha, kenako ananena kuti mwina nthawi yakwana yoti azikumana mwa apo ndi apo, mpaka adzasiye. A Gerevazio anakhumudwa. Anafunsa ngati amulakwira, kapena ngati wapeza wodwala wina wosangalatsa kuposa iwo. Sungeni anati ntchito yake imayenda bwino munthu akafika posamufunanso, ndipo chitseko chidzakhala chotsegula zikadzavutanso. Anati chisoni cha achimwene awo sichidzatha ngati chimfine, koma tsopano akutha kuchisenza akuyenda.

Pa kukumana kotsiriza anabwera ndi tambala wofiira, miyendo atamanga ndi luzi, n'kumuika pansi pa katebulo. Tambalayo anasokoneza ola lonse. Sungeni anathokoza ndi manja awiri, koma anati malamulo a ntchito yake samulola kulandira mphatso yotere. A Gerevazio anati si mphatso, ndi nkhuku. Anakambirana kwa kanthawi, ndipo aka kanali koyamba kuti Sungeni awatsutse maso ndi maso mpaka mapeto. Anatuluka naye tambala wawo kukhwapa, ali odabwa kuti sanakwiye.

Atatsika njinga yamoto kumudzi, dzuwa likupendeka, anaima pamphambano. Kubwerera ndi tambala kunyumba kukanamupatsa Nangozo nkhani ya mwezi wathunthu. Anakhotera kumanzere, nalowa pabwalo la malemu achimwene awo. Alamu awo, Nachisale, anali akusenda kachewere pakhonde. Anawayang'ana, anayang'ana tambala, napukuta manja pachitenje n'kuwatulutsira mpando umene a Ezara ankakhalira. A Gerevazio anazengereza pang'ono, kenako anakhalapo.

Nachisale anamunyamula tambalayo kumuyesa kulemera, anamupapasa pachifuwa, nati ndi wokalamba, afunika nkhuni zambiri. Anaitana mdzukulu wake wamkazi kuti akauze Nangozo kuti asavutike kuphika, onse adyera kuno, ndipo abwere ndi anyezi.